CISUMBU NDI LINGA

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za maiko awiri akutali ndithu, kutsidya la nyanja zamcere. Nkhaniyi inabadwira m'sukulu mwathu, pa phunziro la maiko, ndipo woiutsa ndi mwana. Ine mphunzitsi wace ndinaturuka nayo m'kalasi, ndinagona nayo, ndipo kufikira lero siinandicoke mumtima. Cifukwa cace ndati ndiitule pamaso panu.

Tsiku lija ndinapacika mapu pakhoma, ndi kuuza ana kuti andipezere Tuvalu. Anafunafuna ndi zala kufikira kutopa, osalipeza. Pakuti pa mapu dzikolo lioneka ngati njere za mawere zogwera pa nsaru. Pamenepo ndinati apeze North Korea, ndiye Korea wa kumpoto, ndipo anampeza msanga, alikulendewera m'mbali mwa China. Ndinawasimbira za makhalidwe a anthu a maiko awiriwo, kuti ena azingidwa ndi madzi, ena azingidwa ndi asilikari, ndipo potsiriza ndinafunsa kuti, "Nanga inu, akadati musankhe, mukadakhala kuti?" Onse anayankha pamodzi kuti ku Tuvalu. Sindinadabwe iai, pakuti ana a sukulu adziwa kuwerenga nkhope ya mphunzitsi koposa buku. Koma mnyamata wina wokhala kumbuyo, wamkuruko, amene afika mocedwa masiku ambiri cifukwa ayamba walima m'munda wa amace, anangokhala cete. Nditamfunsa anaimirira nati, "Aphunzitsi, ine ndikadakhala ku Korea. Mfumu yoipa idzafa tsiku lina, munda udzatsala. Koma munda ukamira m'nyanja, adzaubvuula ndani?" Anzace anaseka. Ine sindinaseke, cifukwa ndinaona kuti mwanayo walankhula ngati mlimi, ndipo ndinalibe yankho lokonzeka.

Tiyambe ndi Tuvalu. Ndi zisumbu 9 zomwazikana pakati pa nyanja yaikuru ya Pacific, cina apa cina uko, kotero kuti wofuna kukaona mbale wace pa cisumbu cina ayenera kudikira sitima, nagona m'njira pamadzi. Dzina lace litanthauza asanu ndi atatu oimirira pamodzi, pakuti kale zisumbu 8 zokha ndizo zinali ndi midzi. Mukaziphatikiza zonse zingoposa pang'ono Likoma ndi Cizumulu za m'nyanja yathu. Ndipo anthu ace, amene ali ngati 11,000, acepa kwa anthu a zisumbu zathu ziwirizo. Komatu ndi dziko loima palokha, la mbendera yace, ndi mpando wace ku United Nations kuyambira caka ca 2000. Kulibe phiri, kulibe mtsinje. Malo okwera koposa onse safika mamita 5 pamwamba pa madzi. Culu cacikuru ca kuno kwathu cingayesane nao. Pa Funafuti, pamene pakhala boma, mtunda uli wautali ndi woonda ngati lamba, ndipo pali malo ena pamene munthu ataima pakati aona nyanja kudzanja lamanja ndi nyanja kulamanzere, nakhoza kuponya mwala m'zonse ziwiri.

Madzi ao akumwa ndi a mvula basi, otsika pa denga la malata kulowa m'thanki. Ndiwo yao ndi nsomba. Cakudya ca makolo ao ndi kokonati ndi pulaka, cinthu cofanana ndi madumbe, cimene acibzala m'maenje akuya, nacithira masamba oola monga ticita m'dimba. Masiku ano adyanso mpunga ndi ufa za m'sitolo, zobwera ndi sitima. Ndalama za boma zicokera kwa eni zombo a maiko ena, amene alipira kuti aphe nsomba m'nyanja yao. Ndiponso, cinthu coseketsa, zicokera ku zilembo ziwiri, tv, zimene zinagwera dzikoli pa intaneti, ndipo makampani a kanema alipira kuti azigwiritse nchito. Bwalo la ndege analimanga Aamerika m'nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Ndege ifikapo masiku owerengeka pa sabata, kucokera ku Fiji. Ikayandikira aliza lipenga, anthu napatuka. Ikanyamuka, madzulo ace bwalolo lisanduka la mpira, ndipo usiku wotentha ena ayala mphasa zao pomwepo, nagona poyera, osaopa munthu.

Mau a Mulungu anafikako modabwitsa. Caka ca 1861 dikoni wina dzina lace Elekana, wa ku Manihiki, anatengedwa ndi mphepo m'bwato masabata 8, natsakamira pa cisumbu ca Nukulaelae, nayamba kuphunzitsa anthu. Koma khomo lolowera mlendo wabwino ndi lomwelo alowera woipa. Caka ca 1863 zinafika zombo zofunira dziko la Peru akapolo. Eni ace ananyenga anthu kuti akwere, ati akaphunzire za Mulungu, ndipo anatenga mazana a anthu a Nukulaelae ndi Funafuti, amene sanabwerenso. Ife a dziko lino nkhani zotere sitifunsa tanthauzo lace. Angerezi anatenga zisumbuzo caka ca 1892, patapita caka cimodzi atatenga dziko lathu, pansi pa dzina la Ellice Islands. Ndipo ufulu unafika pa 1 October 1978.

Alibe asilikari a nkhondo. Nyumba yao ya malamulo iri ndi aphungu 16, ndipo kulibe zipani. Phungu ndi munthu amene mudziwa atate wace ndi amace, mukomana naye ku gombe. Pa cisumbu ciri conse akuru ali ndi bwalo lao, alicha Falekaupule, naweruza za mudzi monga acita mafumu ndi nduna zao kwathu. Koma ndisakunamizeni kuti kumeneko ndi m'munda wa Edene. Pamalo pocepa maso acuruka. Ife tikayambana ndi mfumu timanga akatundu ndi kukapempha malo kwina. Nanga wa pa cisumbu asamukira kuti? Lamulo la caka ca 2010 lipatsa mabwalo a akuruwo mphamvu yakuletsa mpingo wacilendo kulalikira poyera pa cisumbu cao, ngakhale munthu aloledwa kupemphera m'nyumba mwace. Nchito zicepa, cipatala cacikuru ncimodzi, ndipo wodwala kwambiri ayenera kumtumiza kunja.

Ndipo bvuto lao loposa onse ndi lomwe anachula mnyamata uja. Utsi wa mafakitale ndi magalimoto a maiko akuru watenthetsa dziko lapansi; madzi oundana a ku malekezero a dziko alikusungunuka, ndipo nyanja irikukwera. Oyesa madzi apeza kuti pa Tuvalu yakwera ngati masentimita 15 m'zaka 30. Wina adzati, nanga cimeneco ncinthu, utali wa cikhato cabe? Koma wogona pa mphasa adziwa kuti madzi a cikhato cimodzi m'nyumba si acabe iai. M'miyezi ya February ndi March, pamene nyanja idzala koposa, madzi amcere sacita kulumpha gombe kokha, atumphuka pansi pa nthaka ngati kasupe, cifukwa mwala wa zisumbuzo uli ndi mabowo. Nalowa m'maenje a pulaka, naiumitsa. M'mwezi wa March 2015 mafunde a namondwe wochedwa Pam anaturutsa m'nyumba zao pafupifupi theka la anthu a dzikolo, ndipo pa cisumbu ca Nui anafukula ndi manda omwe. Ndiyenera kunenanso kuti oyesa ena apeza zisumbu zina zitakula pang'ono ndi mcenga ndi miyala yoponyedwa ndi mafunde. Koma mcenga si munda.

Tsono tioloke, tinke ku North Korea. Kukula kwace kulingana ndithu ndi Malawi pamodzi ndi nyanja yace, ndipo anthu ace ali ngati 26,000,000. Ndi dziko la mapiri ndi la cisanu coopsa. Alima mpunga ndi cimanga. Inde, cimanga comweci, ndipo kumeneko aciyesa cakudya ca osauka. Kale Korea anali mmodzi. Japan anamlamulira kuyambira 1910, ndipo Japan atagonja caka ca 1945, Russia ndi America anamdula pakati. Kuyambira 1950 kufikira 1953 mbali ziwirizo zinamenyana nkhondo yoopsa, imene inapha anthu mamiliyoni, ndipo midzi yaikuru ya kumpoto inasanduka phulusa ndi mabomba. Wosadziwa zimenezo sangamvetse mantha amene boma la kumeneko liphunzitsa ana ace. Nkhondoyo inangoleka, popanda pangano la mtendere. Ndipo lero pakati pa kumpoto ndi kumwera pali mpata wa makilomita 4 m'mimba mwace, wodzala ndi waya waminga ndi mabomba okwirira pansi. Abale olekanitsidwa masiku amenewo salemberana kalata. Owerengeka okha analoledwa kuonana masiku pang'ono, ali nkhalamba, ndipo kotsiriza kunali caka ca 2018.

Banja limodzi lalamulira dzikolo ciyambire: Kim Il Sung kuyambira 1948 kufikira imfa yace m'1994, mwana wace Kim Jong Il kufikira 2011, ndipo tsopano mdzukulu, Kim Jong Un. Apa ndipo mnyamata wanga anaphonya pang'ono. Mfumu yafa kawiri, koma linga silinagwe.

Taonani makhalidwe a munthu wamba m'kati mwa lingalo. M'nyumba iri yonse mupacikidwa zithunzi za atsogoleri, ndipo ziyenera kupukutidwa. Akazipeza ndi pfumbi, ndi mlandu. Wamkuru ali yense abvala nkhope yao pa cifuwa. Nyumba za m'mudzi aziika m'magulu, kawirikawiri 20 kufikira 40, gulu lace alicha inminban. Woyang'anira, amene kawirikawiri ndi mai, adziwa wolowa ndi woturuka, ndipo mlendo wogona ayenera kulembedwa. Talingalirani zimenezo inu amene mlendo akakufikirani usiku muyamba mwatenthetsa madzi, dzina mufunsa m'mawa. Wofuna kunka ku cigawo cina ayamba wapempha ciphaso. Wailesi aimanga kuti imve mau a boma okha. Lamya ya munthu wamba siifika kunja kwa dziko. Ndipo lamulo la caka ca 2020 linaika zilango zoopsa kwa woonera kanema wa kumwera. Sabata ndi sabata anthu asonkhana pa nchito kapena pa sukulu, yense aimirira kuulula zolakwa zace, natsutsanso mnzace pamaso pa onse. Ife a mumpingo tidziwa kuulula, koma tidziwa kuulula kotsata cikhululukiro. Kumeneko wolemba angolemba. Pa cisankho ca aphungu paikidwa dzina limodzi lokha, ndipo m'mawa mwace alengeza kuti pafupifupi onse alibvomera.

Coposa izi ndi cimene acicha songbun. Boma linasanthula mabanja onse monga mwa zimene makolo ao anacita m'masiku a Japan ndi a nkhondo, niliwagawa patatu: okhulupirika, okayikitsa, ndi adani. Mwana abadwa atalembedwa kale. Sukulu imene adzaphunzira, nchito imene adzagwira, mudzi umene adzakhala, zitsata kaundula wa agogo ace amene iye sanawaone. Ndipo munthu akalakwira boma, atenga ndi banja lace lomwe. Akuru otumidwa ndi United Nations kukafufuza ananena m'caka ca 2014 kuti m'ndende za mirandu yotere munali anthu pakati pa 80,000 ndi 120,000. Mudzi wa Pyongyang, umene unaona citsitsimutso cacikuru caka ca 1907 kufikira kuchedwa Yerusalemu wa kum'mawa, lero uli ndi makacisi owerengeka oonetsa alendo. Ndipo wopezeka ndi Buku Lopatulika mobisa alangidwa kowawa.

Koma ndifuna kukhalitsa pa nkhani ya njala, cifukwa pamenepo ndipo ndinapeza comuyankha mnyamata uja. Iye anati munda udzatsala. Coonadi minda inatsala. Koma m'dzikolo minda iri m'manja mwa boma, ndipo anthu a m'midzi yaikuru anazolowera kulandira cakudya coyesedwa kawiri pa mwezi. Dziko la Soviet Union, limene linali kuwathandiza ndi mafuta ndi zina pa mtengo wocepa, linapasuka caka ca 1991. Mafakitale a feteleza anaima. Ndipo boma linayamba kuphunzitsa anthu kuti kudya kawiri pa tsiku nkokwanira. Caka ca 1995 ndi 1996 kunagwa madzi osefukira, caka ca 1997 cirala. Cakudya cogawidwa cija cinacepa, kenaka m'madera ena cinalekeratu, makamaka kumpoto cakum'mawa. Boma linapempha thandizo kunja m'1995, koma obwera nalo silinawalole kuyenda momasuka kukaona kumene anthu alikufa. Ndipo nthawiyo silinaiche njala, linaicha ulendo wobvuta. Anafa anthu mazana a zikwi, ndipo owerengera ena ati 1,000,000 kapena kuposa. Ana amasiye oyendayenda m'misika ndi m'masiteshoni a njanji anawacha dzina lotanthauza anamzeze, cifukwa ca kutolatola kwao.

Ifenso njala tiidziwa. Akuru asimba za 1949, ndipo ambiri a ife tinaona ya 2002 ndi maso athu. Koma tiri ndi mau amodzi amene anapulumutsa miyoyo yosawerengeka, ndiwo kusuma. Munthu atenga thumba ndi khasu, kapena mbuzi yace yotsala, nayenda masiku, kaya kumapiri kaya kutsidya la malire, nakagwira ganyu, nabwera ndi cinangwa pamutu. Ndipo mfumu ya mudzi ikhoza kunka ku boma ndi kunena poyera kuti anthu anga alikufa. Tsono ganizani njala m'dziko limene kusuma kufuna ciphaso, kugulitsa cimanga ndi mlandu, ndi kunena kuti tirikufa ndiko kunyoza mfumu. Opulumuka asimba kuti oyamba kufa anali omvera, amene anakhala m'nyumba kudikira cakudya ca boma. Amene anakhala ndi moyo ndiwo amene anaswa lamulo. Makamaka amai, amene anayamba timisika tao, nagulitsa ndiwo ndi ziwiya za m'nyumba, ndi ena amene anaoloka mtsinje wa Tumen usiku kulowa m'China. Misika imeneyo inakula kufikira boma linaibvomereza mwa mbali. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma izi sizinali mbewa za manyazi iai, una wao anautseka ndi mwala.

Tsopano yang'anani ku Tuvalu pa tsiku la tsoka lofanana. Caka ca 2011 mvula inakana miyezi yambiri, mathanki anauma, ndipo pa Funafuti banja liri lonse linali kulandira ndowa 2 zokha za madzi pa tsiku. Boma silinabise. M'mwezi wa September linalengeza kuti dziko liri pangozi, ndipo patapita masiku owerengeka ndege za New Zealand zinafika ndi madzi ndi makina ocotsa mcere m'madzi a m'nyanja. Caka ca 2021, pamene maiko anasonkhana ku Glasgow kukambirana za kutentha kwa dziko lapansi, nduna ya Tuvalu yoona za kunja, Simon Kofe, inatumiza mau ace itaimirira m'nyanja, madzi ali m'maondo, itabvala jekete ndi tayi, pamalo pamene kale panali mtunda. Kadziko kosaoneka pa mapu kanapfuula, ndipo dziko lonse linatembenuka. Sindinena kuti nyanja inabwerera m'mbuyo pakumva mauwo. Koma maliro olira mokweza anansi abwera. Maliro oletsedwa kulira, mwini wace akumba manda yekha usiku.

Ndiponso pali nkhani ya khomo. M'mwezi wa November 2023 Tuvalu anapangana ndi Australia pangano lochedwa Falepili Union, lakuti anthu 280 caka ndi caka aloledwe kukakhala ku Australia, kugwira nchito ndi kuphunzira, ndi kubwerera kwao pamene afuna. Maina aikidwa m'maere. Ndipo pa maere oyamba, caka ca 2025, olembetsa pamodzi ndi mabanja ao anaposa theka la ciwerengero ca anthu a dzikolo. Ncinthu comvetsa cisoni, mtundu wathunthu kuima pa mzere wa pakhomo. Ndipo ena anadandaula poyera kuti panganolo linacitika osafunsa anthu, ndi kuti lipatsa Australia mau pa mapangano a citetezo amene Tuvalu angacite ndi maiko ena. Nduna yaikuru imene inalemba dzina lace pa panganolo, Kausea Natano, inagwa pa cisankho ca January 2024. Zifukwa zace nza eni ace. Ine cimene ndiona ncakuti odandaulawo anagona m'nyumba zao, ndipo wogwayo anatula mpando popanda mfuti kulira. Caka comweco ca 2023 analemba m'malamulo akuru a dziko lao kuti Tuvalu adzakhalabe dziko ngakhale nthaka itamira.

Ku North Korea khomo lomwelo ndi mlandu. Woturuka wopanda cilolezo ayesedwa wopandukira. Akagwidwa ku China abwezedwa, nalowa m'ndende. Ngakhale ziri tero, anthu ngati 34,000 afika ku South Korea, ambiri a iwo akazi, ena atayenda miyezi kudutsa maiko angapo. Kufikira caka ca 2019 anali kufika oposa 1,000 pa caka. Koma malire atatsekedwa kolimba m'2020, pa mliri uja tonse tiukumbukira, m'caka ca 2021 anafika 63 okha.

Cifukwa ninji nkhaniyi indigwira mtima comweci? Ndinali mwana m'masiku a cipani cimodzi. Sindinena kuti zathu zinalingana ndi za ku Korea, iai. Amuna anali kunka ku Johannesburg ndi kubwera, makalata anali kuyenda, makacisi anali otseguka, ndipo munda unali wa mwini wace. Koma fungo lace ndilidziwa. Ndikumbukira tsiku limene amai anabwera ku msika ndi dengu lao la nyemba losatula, cifukwa anyamata oima pacipata anawafunsa kadi, ndipo anali ataiiwala. Sanadandaule pa njira iai. Anafika kunyumba, nalowa m'kati, ndipo m'menemo ndimo ananena mau awiri atatu monong'ona. Ndikumbukira atate akukamba ndi amalume pa khonde madzulo. Nkhani ya mvula, ya fodya, ya mirandu ya m'mudzi anaikamba mokweza, koma ikakhota pang'ono, mau anatsika, maso nayang'ana ku mpanda, ndipo ife ana anatituma madzi amene panalibe wowafuna. Ndinakula ndiyesa kuti ndi mwambo wa akuru kulankhula comweco. Pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'makacisi pa 8 March 1992, ndipo pa 14 June 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala, cimene cinandidabwitsa koposa ndi mau a atate. Anali ndi mau akuru, ndipo ine mwana wao sindinadziwe. Umphawi sunacoke tsiku limenelo, nkhokwe sizinadzale. Koma atate anayamba kutsiriza ziganizo zao.

Cotero ine ndikadasankha cisumbu, ngakhale ndidziwa kuti madzi alikukwera. Koma ndibvomere kuti kusankha kotere nkwapafupi kwa munthu wokhala pa mtunda, amene manda a makolo ace ali pouma.

M'mawa mwace ndinamuitana mnyamata uja ana ena ali pa bwalo, ndipo ndinamfotokozera zonsezi, za mafumu atatu, za kusuma, za ndowa ziwiri. Anamvetsera manja ali kumbuyo, monga mwa ulemu wace. Nditatha anati, "Ndamva, aphunzitsi. Koma awo okwera ndege caka ndi caka, manda a makolo ao asiyira yani?" Ndinati alipo ambiri, makamaka okalamba, amene anena kuti sadzacoka, ndipo ndinamuuza kuti pa Funafuti akumba mcenga pansi pa nyanja naunjika pa gombe, kufikira apanga mtunda watsopano wokwera, wa mahekitala 7. Iye anafunsa ngati cimanga cingamere pamenepo. Ndinati iai, mwanawe, ndi mcenga. Anagwedeza mutu, napempha kuti apite.

Pa Lacisanu ndinawapatsa cimangirizo pa mutu womwewo. Onse analemba Tuvalu, ena ndi mau anga enieni, osasintha ngakhale limodzi. Iye analembanso Korea. Koma anaonjeza kuti akadamanga nyumba yace kumpoto kwenikweni, m'mbali mwa mtsinje wa Tumen, ndi kuphunzira bwino pamene pali posaya. Ndi kuti amace akadawauza zimenezo kumunda, osati m'nyumba. Ndinawerenga pepalalo kawiri. Ndinampatsa 8 pa 10, ndipo ziwirizo ndinacotsa cifukwa ca zilembo zace, zimene zikwera ndi kutsika ngati mizere ya munda wa pa phiri.